Momwe mungapitire ndi ana aang'ono kukaona mzinda wa Roma

Amene anamanga Roma sankaganiza za munthu wokankha kangolo ka mwana. Misewu yambiri ya pakati pa mzinda ndi ya timiyala takuda totchedwa sampietrini, masitepe ali paliponse, ndipo mu July ndi August kumatentha ngati ku Nsanje mu October. Komabe ulendowu ndi wotheka, ndipo ana amasangalala nawo bola makolo musakhale ndi dyera lofuna kuona zonse. Ife tinanyamukira ku Britain komwe tikukhala, ndi mwana wazaka 7 ndi mng'ono wake wazaka 2. Ochokera kumudzi njira yosavuta ndi ya Ethiopian Airlines, kudzera ku Addis Ababa mpaka pabwalo la Fiumicino.

Yambani ndi viza

Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia mukufunika viza ya Schengen (yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Italy), ngakhale mutakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain. Kuyambira June 2024 wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wazaka 6 mpaka 11 amalipira 45, wosakwana zaka 6 salipira. Pamwamba pake pali ya ofesi yolandira mafomu. Inshuwalansi ya paulendo ikhale yofika mayuro 30,000 ndipo mayina a ana alembedwemo, osangoti "banja". Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo ikhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu mutatuluka m'mayiko a Schengen. Tengani zikalata za kubadwa za ana, ndipo ngati kholo limodzi likutsala lisayine kalata yovomereza.

Lamulo limalola kupempha viza kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Chovuta si mafomu ayi, koma kupeza tsiku lokaonekera. Pamagulu a WhatsApp pali anthu ogulitsa masiku amenewa pamtengo wokwera, ena oona ena akuba, ndipo simungawasiyanitse mpaka ndalama itapita. Yambani msanga basi.

Mwezi ndi kogona

April, May, kumapeto kwa September ndi October ndiye nthawi yabwino. Sabata ya Pasaka pewani, kumakhala chinamtindi cha anthu. Pa 15 August ndi tchuthi chachikulu chotchedwa Ferragosto, masitolo ndi malo odyera ang'onoang'ono ambiri amatseka eni ake n'kuthawira kunyanja.

Kogona sankhani malo oti mutha kubwererako masana mwana akagone. Dera la Monti ndi pafupi ndi Colosseum (bwalo lalikulu lakalekale lomwe Aroma ankaonereramo anthu akumenyana), la Prati ndi pafupi ndi Vatican ndipo misewu yake ndi yotakata, yosalala. Pafupi ndi siteshoni ya Termini n'kotchipirako koma usiku sikosangalatsa kuyenda ndi ana. Musanalipire funsani ngati nyumbayo ili ndi chikepe komanso kukula kwake, chifukwa zina ndi zoti mulowe awiri mutaima chammbali, kangolo osalowa. Konzeraninso msonkho wa mzinda womwe amalipiritsa munthu aliyense usiku uliwonse, nthawi zambiri pamanja. Ana osakwana zaka 10 salipira.

Matikiti a Colosseum: apa khalani pansi muwerenge

Ulendo wathu unasokonekera pamenepa. Mukalemba "Colosseum tickets" pa Google, masamba oyamba kutuluka si a eni malo. Ndi a madobadoba olipira kuti aonekere pamwamba, ndipo amawakongoletsa ndi zithunzi ndi mawu oti "official" moti simungakayike. Lomwe linatigulitsa ife linatilipiritsa pafupifupi katatu mtengo weniweni, n'kulipiritsanso mwana wamkuluyo pamene iye amayenera kulowa ulere. Chomwe chinabwera pa imelo sichinali tikiti, chinali kapepala kolamula kuti tikakumane ndi munthu wonyamula mbendera pakona ya msewu wina. Usiku woti mawa tikupita anatumiza uthenga kuti nthawi yathu yasintha kuchoka m'mawa kupita 2 koloko masana. Tinafika dzuwa lili paliwombo, wamng'ono akulira tulo, wambendera uja osaoneka. Atatulukira, tikiti ya bambo a ana inali ndi dzina losagwirizana ndi la mu pasipoti, ndipo pageti anakana. Iwo anatsala panja ndi wamng'onoyo, ine n'kulowa ndi wamkulu. Ndalama yobweza tikuidikirabe, imelo sayankha.

Si ife tokha. Mu April 2025 bungwe la boma la Italy loona za mpikisano pamalonda linalipiritsa makampani angapo chindapusa chokwana pafupifupi mayuro 20 miliyoni chifukwa cha nkhani ya matikiti a Colosseum. Ena ankakokolola matikiti ndi mapulogalamu a kompyuta akangotuluka, kenako n'kumawagulitsa modula ataphatikizapo wolondolera alendo yemwe simunamupemphe.

Ndiye chitani chonchi. Pitani patsamba la Parco archeologico del Colosseo, lomwe adiresi yake imathera ndi colosseo.it, ndipo adiresiyo ilembeni nokha, osadina zotsatsa. Tikiti wamba ndi mayuro 18, ndipo yomweyo imakulowetsaninso ku Foro Romano (mabwinja a pakati pa mzinda wakale) ndi paphiri la Palatino. Aliyense wosakwana zaka 18 amalowa ulere posatengera dziko lomwe akuchokera, koma tikiti yaulereyo muyenera kuitenga ndithu pamodzi ndi zanu. Ngakhale wobereka kumsana mutengereni yake. Matikiti amatuluka kutatsala masiku 30, ndipo a m'mawa ndi amene amayamba kutha, choncho ikani alamu pafoni. Kuyambira 2023 tikiti iliyonse imakhala ndi dzina la mwini wake ndipo pageti amatha kufunsa chiphaso. Lembani mayina ndendende momwe alili mu pasipoti, pasipotiyo ili patsogolo panu, osati dzina lomwe mumaitanira mwana kunyumba. Tsikulo nyamulani mapasipoti a onse.

Sankhani nthawi yoyambirira m'mawa, ana asanatope, miyala isanatenthe. Pali tikiti ina ya mayuro 24 yolowera pabwalo lomenyanirana ndi zipinda za pansi momwe ankasungiramo nyama zolusa. Wazaka 7 angaikonde, koma ndi yovuta kupeza ndipo ndi wamng'ono sindingaivutikire. Lamulungu loyamba la mwezi kumakhala kwaulere, koma mzere wake ungakudyereni m'mawa wonse. Amene amakuimitsani panja ndi mawu oti akulowetsani osaima pamzere apitirireni, chifukwa tikiti yanu ili kale ndi nthawi, ndipo mzere wa chitetezo palibe amaulumpha.

Mkatimo ola limodzi ndi lokwanira. Ana safuna mayina a mafumu. Wathu anangogwira zoti nyumbayo anaitsegula m'chaka cha 80 AD, kuti munkalowa anthu pafupifupi 50,000, ndi kuti mikango inkatulukira pansi ndi zikepe zokokedwa ndi anthu. Zibowo zomwe zili m'makoma anazifunsa yekha: ndi momwe anthu a m'zaka za pambuyo pake anazulamo zitsulo zogwirizira miyala. Ku Foro mthunzi ndi wochepa ndipo pansi ndi posalingana, kangolo kamangokakamira. Ngati ana atopa, suzumirani mabwinjawo muli pamwamba, kuseri kwa Piazza del Campidoglio, kwaulere.

Malamulo omwewa agwiritseni ntchito pogula matikiti a Musei Vaticani, nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican: tsamba lawo lenileni limathera ndi .va basi.

Kuchoka pabwalo la ndege ndi kuyenda mumzinda

Sitima ya Leonardo Express imachoka ku Fiumicino kufika ku Termini m'mphindi 32, mayuro 14 wamkulu. Koma ndi zikwama ndi ana awiri, takisi imaposa. Mtengo wake ndi woikika ndi khonsolo, mayuro 55 kufika pakati pa mzinda, ndipo walembedwa pachitseko. Kwerani yoyera yokhala ndi chizindikiro padenga, pamzere wa matakisi panja. Anyamata okuyandikirani mkati mwa bwalo n'kumanong'ona "taxi, taxi" si a pamzerewo, ndipo mtengo wawo mudzaumva mutafika.

Tikiti ya basi ndi metro (sitima yapansi) ndi mayuro 1.50 kwa mphindi 100, mutha kungogunditsa khadi la kubanki pamakina, ndipo ana osakwana zaka 10 amakwera ulere ndi wamkulu. Basi nambala 64, yochoka ku Termini kupita ku Vatican, imadziwika ndi opisa m'matumba, ndipo kholo lomwe manja onse ali pa ana ndiye amalifuna. Foni ndi mapasipoti zikhale m'kachikwama ka kutsogolo.

Kangolo tengani kopepuka kopindika ndi dzanja limodzi, koma chomwe chinatipulumutsa ife ndi chitenje. Pamasitepe a metro pomwe chikepe chafa, mumangobereka n'kumapita. Tengani ziwiri, chifukwa chinacho mukachifuna ku tchalitchi.

Tsiku lizikhala ndi chinthu chimodzi chachikulu

Chachikulucho m'mawa, masana kugona, madzulo kungoyendayenda. Zomwe ana athu amazikumbukira mpaka pano ndi zomwe sitinalipire. Mumzinda monse muli mipopi yachitsulo yoposa 2,000 yotchedwa nasoni, yotuluka madzi ozizira abwino kumwa usana ndi usiku. Mukatseka kukamwa kwake ndi chala madzi amathovokera pakabowo ka pamwamba, ndipo mwana akangozindikira zimenezi simudutsa mpopi osaima. Nyamulani mabotolo, madzi osagula. Ku Largo di Torre Argentina, pamabwinja a malo omwe Julius Caesar anaphedwera mu 44 BC, pamakhala amphaka osawerengeka omwe anthu ongodzipereka amawasamalira. Paphiri la Gianicolo asilikali amawomba mzinga tsiku lililonse 12 koloko masana, wamng'ono mutsekeni makutu. Ku Villa Borghese kuli udzu wothamangapo, njinga za banja lonse zobwereka ndi timaboti pakadziwe.

Ku Pantheon, kachisi wakale wa Aroma yemwe pano ndi tchalitchi, mu 2025 kulowa kunali mayuro 5, ana ulere, ndipo mphindi 20 zakwana: denga lozungulira la mamita 43 la m'nthawi ya mfumu Hadrian, lili ndi bowo pakati lomwe mvula imalowera. Ku kasupe wa Trevi pitani m'mawa kwambiri, ana aponye kandalama. Ndalamazo zimatoleredwa n'kupita ku Caritas, bungwe lachifundo la Mpingo wa Katolika. Pamasitepe a Piazza di Spagna musakhale pansi ngakhale mwana atatopa bwanji, analetsa mu 2019 ndipo apolisi amaimba wezulo, chindapusa chake n'chowawa. Wina akafuna kumanga kachingwe padzanja la mwana wanu akuti ndi mphatso, kanani musanayambe kucheza. Ambiri ndi abale athu a ku Africa ndipo amayamba ndi kufunsa kwanu, koma mapeto ake ndi ndalama.

Vatican

Kulowa m'tchalitchi cha Petulo Woyera n'kwaulere, mzere ndi wa chitetezo basi, ndipo m'mawa kwambiri umakhala waufupi. Mapewa ndi mawondo zikhale zobisika, amuna omwe. Kukwera pamwamba pa denga ndi masitepe 551, kapena 320 mukayamba ndi chikepe, opanikiza kumapeto. Ndi wakhanda iwalani. Papa akakhalapo amaonekera pawindo Lamulungu 12 koloko pa pemphero la Angelus, ndipo sipafunika tikiti. Lachitatu amakumana ndi anthu, matikiti ake ndi aulere, wokugulitsani ndi wakuba. Musei Vaticani ndi makonde ataliatali odzaza anthu musanafike ku Cappella Sistina, tchalitchi chodziwika ndi zojambula za kudenga, komwe salola kujambula kapena kulankhula mokweza. Kunena zoona, mwana wosakwana zaka 6 sapindulako kanthu. Sinthanani, wina alowe wina atsale ndi ana.

Chakudya ndi zotsala

Malo odyera abwino amatsegula cha m'ma 7:30 madzulo, ana athu atayamba kale kusinza. Pizza al taglio, yodula ndi sizasi n'kuyeza pasikelo, imapezeka tsiku lonse, onjezani supplì, timibulu ta mpunga tokazinga. Malo okhala ndi zithunzi za chakudya pakhomo ndi munthu wokuitanirani apitirireni. Nsomba ndi nyama zina mtengo wolembedwawo ndi wa magalamu 100, funsani kaye. Ayisikilimu funsani mtengo ndi kukula kwake asanayambe kupakula. Zimbudzi ndi zosowa: gulani khofi pakauntala, mulowetse ana onse. Matewera, mkaka ndi zipatso zili m'masupamaketi a Conad ndi Coop, musadzaze nazo sutikesi. Famase ili ndi mtanda wobiriwira, nambala ya ngozi ndi 112. Lembani nambala yanu ya foni pakapepala m'thumba la mwana aliyense. Pobwerera nyamukani msanga, ndipo onani bwino ngati ndege yanu ikunyamukira ku Fiumicino kapena ku Ciampino.