Momwe mungayezere kutalika kwa mavawelo pa kalankhulidwe ka mwana

Chiyankhulo cha Odia, chomwe mpaka 2011 chinkatchedwa Oriya, chimalankhulidwa ku Odisha m'dziko la India ndipo chili ndi mavawelo asanu ndi limodzi. Polemba amasiyanitsa i wamfupi ndi wamtali, u chimodzimodzi, koma pakamwa kusiyanako sikumveka. Chichewa nachonso, ndi mavawelo ake asanu (a, e, i, o, u), sichisintha tanthauzo la mawu chifukwa chokoka vawelo. Komabe m'ziyankhulo zonsezi mwana wamng'ono amakoka mavawelo kuposa wamkulu, ndipo liwu lomwelo amalitchula mosiyanasiyana. Zimayamba kukhazikika akamayandikira zaka 11 kapena 12.

Kuti muyeze izi kuno ku Dedza kapena ku Ntcheu, foni yojambulira mawu ndi kompyuta yokhala ndi Praat zikukwanira. Praat ndi pulogalamu yaulere yoyezera mawu imene Paul Boersma ndi David Weenink anapanga ku Amsterdam.

Sankhani mawu omwe vawelo lili pakati pa p, t kapena k, monga poto ndi kapu, chifukwa pamzere wa mafunde a mawu umene Praat imaonetsa mumaona bwino pomwe vawelo layambira ndi pomwe lathera. Mawu okhala ndi m, n, l kapena w amasokoneza malirewo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. M'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika ngati mawuwo ali pothera pa chiganizo. Mwana akati "ndaona poto", po amatalika. Akati "poto wanga wagwa", po yemweyo amafupika. Mukasakaniza ziwirizi mudzaganiza kuti mwana ndi wosakhazikika, pamene vuto ndi lanu. Liwu lililonse likhale pa malo amodzimodzi m'chiganizo. Musayerekezenso a ndi i, popeza a ndi wamtali mwachibadwa: nsagwada imatseguka kwambiri.

Musamuuze mwana kuti "tanena poto". Adzatsanzira makokedwe anu. Muonetseni chithunzi kapena poto weniweni, mumufunse kuti "ichi n'chiyani?" Liwu lililonse alitchule kasanu, mosinthasintha ndi ena.

Foni ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, cham'mbali pang'ono kuti mpweya wa p usaphulike pa maikolofoni. Jambulani mu WAV (mtundu wa fayilo yosafinya mawu), osati pa WhatsApp, amene amafinya mawu. Denga la malata mvula ikugwa, chigayo chapafupi ndi tambala zimawononga ntchito yonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa Dedza kukafika pachimake, ana ambiri amakhala ndi chimfine. Mwana wotsekeka mphuno mudikireni achire.

Mu Praat ikani chizindikiro pomwe mafunde ayamba kubwereza mofanana ndi pomwe alekera, kenako lembani kutalika kwa vawelo m'mamilisekondi (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Pa mwana aliyense musangowerengera nambala yapakati. Onaninso kusiyana kwa katchulidwe kakatali kwambiri ndi kakafupi kwambiri, chifukwa mpata umenewo ndiwo umachepa mwana akamakula. Jambulaninso akuluakulu awiri kapena atatu a m'mudzi womwewo, poti Chichewa cha ku Ntcheu sichimveka ndendende ngati cha ku Nkhotakota.