Mukamaweta ma copepod, musawadyetse ma diatom okhaokha

Inu amene mukuweta ma copepod (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, ta m'gulu la nkhanu) mu labotale, makamaka ochokera kugombe la Namibia ndi South Africa, kumene mphepo imakweza madzi ozizira a mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Benguela kuchokera pansi, musawapatse ma diatom (ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi) okhaokha. N'zoona kuti ndere zimenezi zimachuluka zedi kumeneko, ndipo aakazi akazidya amaikira mazira ambiri. Koma mitundu ina ya ma diatom, monga Skeletonema, ikaphwanyika potafunidwa imatulutsa mankhwala olepheretsa mazira kuswa. Sakanizani ma diatom ndi ndere zina monga Rhodomonas kapena ma dinoflagellate, omwe ali ndi mafuta a DHA (mtundu wa omega-3). Powerenga, musanyengeke ndi mazira ali mbwee pansi pa botolo. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri, muwerenge tiana tomwe tikusambira.