Kalata yopempha thandizo madzi akafika m'khosi

Mabungwe ang'onoang'ono a m'madera (ma CBO), makomiti a kumpingo ndi magulu osamalira ana amasiye amagwira ntchito yotamandika m'midzi mwathu, koma ambiri akafika polemba kalata yopempha thandizo amagwa nayo. Vuto silikhala Chingerezi kapena kusowa kompyuta ayi. Kalatayo imangokamba za bungwe, pamene woiwerenga akufuna kumva za munthu amene ndalama yake ikamuthandize.

Ndaonapo makalata omwe tsamba lonse loyamba ndi mbiri: chaka chomwe bungwe linayamba, masomphenya ake, mayina a matrasti, mpaka malonje kwa a gulupu. Pempho lenileni limabwera kumapeto, nalonso lamanyazi, lakuti "kangachepe kalikonse tidzayamika". Munthu wotanganidwa safika kumeneko, ndipo akafika sadziwa kuti kangachepeko ndi zingati. Mbiri ya bungwe isapitirire mizere iwiri, ndipo ikhale kumunsi. Kumwamba ikani zomwe zachitika, kumene zachitikira, anthu angati akhudzidwa, ndi chomwe mukupempha.

Titengere phunziro pa namondwe Freddy. Mu Marichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza m'chigawo chakummwera, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje midzi ina inatsala yosafikika. Pa 13 Marichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawochi chili pa ngozi. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ambiri n'kuunjikana m'makalasi ndi m'matchalitchi. Sabata imeneyo mafoni athu anadzaza ndi mauthenga opempha. Ambiri ankangoti "abale athu avutika, tithandizeni", zomwe aliyense anali atamva kale pa wailesi. Uthenga womwe munthu ankaima n'kuuwerenga kawiri unali wonena zooneka ndi maso, monga uwu: "Pa sukulu ya m'dera lathu pakugona mabanja 60. Ufa alandira, koma alibe ndowa, sopo ndi mankhwala othira m'madzi. Tikufuna kugula ndowa 60 pofika Lachisanu." Wowerenga atha kuwerengera yekha kuti iye akwanitsa ndowa ziwiri, ndipo amatumiza.

Apa mpofunika kufatsa. Musanalembe, pitani mukaone, mufunse komiti ya pamsasa ndi ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kukhonsolo, yomwe imagwira ntchito ndi a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozizi), kuti chikusowa n'chiyani ndipo ena abweretsa kale chiyani. Ife tikamva za ngozi timathamangira kusonkhanitsa zovala zakale, poti n'zomwe zili pafupi. Koma Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022, ndipo pamsasa pomwe anthu mazana akugwiritsa ntchito zimbudzi zochepa, sopo ndi klorini zimaposa jekete. Mapadi a amayi ndi atsikana, maneti, mapepala apulasitiki ofolerera, izi zimaiwalika chifukwa olemba makalata ambiri ndi abambo omwe sanafunse amayi a pamsasapo. Ziwerengero musakokomeze. Mukalemba mabanja 200 pomwe alipo 60, lipoti la kukhonsolo lidzakutsutsani, ndipo wopereka amene wakugwirani bodza kamodzi sabweranso.

Nkhani ya munthu mmodzi imakhudza mtima kuposa chiwerengero chachikulu, zimenezo n'zoona. Koma munthuyo ndi mwini ulemu wake. Mupempheni chilolezo, mumuuze kumene nkhani ndi chithunzi chake zikupita, ndipo ngati ndi mwana afunsidwe makolo kapena omulera. Zithunzi za maliro, za anthu osavala, za mwana akulira ntchentche zili pamaso, zisiyeni. Mawa madzi adzaphwa, mayiyo adzabwerera kumsika kukagulitsa tomato, chithunzi chake chikuzungulirabe pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mujambuleni akutunga madzi kapena akuphikira ana ake, monga munthu amene akulimbana ndi vuto, osati wongodikira chifundo.

Tsopano za ndalama, pomwe ambiri amapunthwa. Nenani mtengo wa chinthu chilichonse monga mwaupezera pamsika, ndipo lembani tsiku lomwe mwafunsa mtengowo. Tonse tikukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bajeti zomwe zinalembedwa mwezi wapitawo n'kusanduka zopanda ntchito. Thiransipoti ndi ndalama yodulidwa potapa musazibise, zilembeni poyera. Njira yotumizira ikhale imodzi kapena ziwiri, yolembedwa momveka: akaunti ya kubanki ya m'dzina la bungwe yosainira anthu osachepera awiri, ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Ngati nambalayo ili m'dzina la msungichuma, nenani dzina lomwe lituluke pa foni munthu akamatumiza, chifukwa nthawi ya ngozi akathyali nawonso amalemba mauthenga, ndipo amalemba bwino kuposa ife. Abale a ku Johannesburg kapena ku London omwe amatumiza kudzera ku Mukuru ndi njira zina zotere sangabwere kudzaona, choncho amadalira zomwe mwalembazo basi. Ngati bungwe lanu linalembetsa ku NGORA (bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma) kapena kukhonsolo, tchulani. Onjezani chiganizo chimodzi chonena chomwe mudzachite ndalama zikaposa zomwe mwapempha, kuti pasadzakhale manong'onong'o.

Si ngozi zonse zimabwera ndi mkokomo. Mu Marichi 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Njala yotere ilibe chithunzi cha mlatho wokokoloka, ndiye kalata yake imafuna kufotokoza nthawi: kuti nkhokwe zitha mwezi uti, kuti njala imaluma kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, komanso kuti chimanga chogula anthu atangokolola chimatsika mtengo kusiyana ndi chogula mvula itagwa. Wopereka akamva kuti ndalama yake ya lero igula matumba ambiri kuposa ya mu Disembala, saona chifukwa chodikira.

Akale anati kupatsa n'kuika, ndipo woika amafuna kudziwa kuti chinthu chake chili bwanji. Thokozani tsiku lomwelo, ngakhale ndi uthenga wa pafoni wotchula dzina la munthuyo ndi ndalama yomwe mwalandira. Pasanathe masabata awiri tumizani lipoti lalifupi: zalowa zakuti, tagula zakuti, malisiti ndi awa, olandira anasaina apa, zatsala zakuti. Ngati china chinalakwika, mwina galimoto inatitimira m'matope katundu n'kuchedwa masiku atatu, nenani. Ine ndimaona kuti lipoti limeneli ndi lomwe limatsegula chikwama pa pempho lotsatira, kuposa mawu okoma aliwonse omwe mungalembe.

Zambiri mwa izi sizichitika usiku umene madzi alowa m'nyumba, magetsi atazima, netiweki ikuvuta. Khalani pansi ngati komiti mu Okutobala, mvula isanayambe. Onani ngati akaunti ikugwira ntchito ndipo osainira onse alipo, lembani m'kope manambala a onse omwe anakuthandizanipo, sankhani munthu mmodzi wolankhulira bungwe, ndipo konzeranitu kalata yokhala ndi mipata ya malo, tsiku ndi ziwerengero. Muisunge m'mafoni a anthu atatu okhala midzi yosiyana, poti foni ya mlembi nayo ikhoza kupita ndi madzi.