Momwe mungawerengere kayendedwe ka mphepo pa mapu a zanyengo

Mvula imene igwe mawa nthawi zambiri imakhala itayambira kutali kwambiri. Choncho choyamba, tsegulani mapu aakulu oonetsa mayiko ndi nyanja, osati kadera kanu kokha. Tsamba la Windy limaonetsa mapu otere kwaulere pa intaneti, ndipo limatenga zolosera za ECMWF ndi NOAA, mabungwe a zanyengo a ku Ulaya ndi ku America.

Chachiwiri, onani kulemera kwa mpweya. Mizere yokhotakhota ya pamapupo, ma isobar, imalumikiza malo amene mpweya ukulemera mofanana, ndipo muyeso wake ndi hPa. Pamalo olingana ndi nyanja yamchere, muyesowu umakhala cha m'ma 1013. Pamene alemba L mpweya ndi wopepuka, umakwera n'kupanga mitambo. Pa H ndi wolemera, umatsika ndipo kumwamba kumayera. Mizere ikathithikana, dziwani kuti pamenepo mphepo ikuomba mwamphamvu.

Chachitatu, onani kumene mphepo ikulowera; apa ndiye pamene ambiri amasokonezeka. Mphepo sichoka pa H n'kulunjika pa L. Poti dziko likuzungulira, imakhota: kumanzere ngati muli kumwera kwa ikweta, kumanja ngati muli kumpoto. Katswiri wa ku France, Gaspard-Gustave de Coriolis, anafotokoza masamu a mphamvu yokhotetsayi mu 1835. Mapeto ake mphepo imatsata mizere ija, ndipo kumwera imazungulira L ngati mivi ya wotchi. Samalani ndi mabuku, chifukwa ambiri analembedwera kumpoto ndipo zithunzi zake zimakusokeretsani. Kayeseni panja: kumwera kwa ikweta, mukafulatira mphepo, L ali kudzanja lanu lamanja.

Chachinayi, kwerani m'mwamba, kumene mpweya umanka nupepuka. Sankhani mapu a 500 hPa, omwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 5.5, kenako a 250 hPa, cha pa makilomita 10. Kumeneko kuli jet stream, mphepo yaliwiro yochokera kumadzulo kupita kummawa. Ineyo ndimayambira kumeneku, chifukwa ikapindika, nyengo ya pansi imatsatira. Pafupi ndi ikweta fufuzani mzere wa mitambo wotchedwa ITCZ, pamene mphepo za kumpoto ndi kumwera zimakumana. Mzerewu umasuntha motsatira dzuwa.

Pomaliza, pezani kope. Tsiku lililonse lembani pamene L ali ndi kumene mukuganiza kuti apita, mawa lake muone ngati munalondola. Zolosera za masiku opitirira 10 musazidalire kwenikweni. Katswiri wa zanyengo Edward Lorenz anaonetsa mu 1963 kuti kusiyana kochepa pa miyeso yoyambira kumakula masiku akamapita.