Mukatsika ku Chileka, patulani tsiku limodzi la Thyolo ndi Mulanje

Achimwene anga amakhala ku Leeds, ndipo akamabwera kumudzi amakhala ndi masabata atatu basi. Mathero a masabata amenewo ndimawadziwa ndege isanatere n'komwe. Sabata yoyamba ndi yolonjera: azakhali ku Ndirande, apongozi ku Chilomoni, kenako kupepesa maliro onse amene anagwa iwo kulibe. Yachiwiri imathera pa puloti, kufunsana ndi mmisiri za matumba a simenti amene sakuoneka pomwe analowa. Yachitatu ndi yolongedza. Ana awo amabwerera ku England atangoona pabalaza pa anthu, atatopa ndi funso limodzimodzi la nkhalamba iliyonse: "Iwe, ukundidziwa ine?"

Kunyanja aliyense amakufuna, koma ku Mangochi ndi ulendo wogonera. Ku Thyolo ndi ku Mulanje mutha kumwa tiyi wam'mawa mu Blantyre, kukasamba m'madzi a m'phiri masana, n'kudzadya nsima yamadzulo mu Blantyre momwemo. Ine ndimakhala pa Chitakale, ndipo abale ochokera kunja ndawayendetsa njira imeneyi kokwanira.

Misewu yochokera ku Limbe kupita ku Mulanje ilipo iwiri. Wa Midima, umene mu 2006 anaupatsa dzina la Robert Mugabe koma tonse timangoti Midima, ndi wachidule: makilomita osapitirira 70, ola limodzi ndi pang'ono mwafika. Wina ndi wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, wotalikirapo komanso wokhotakhota. Popita dzerani wa ku Thyolo, pobwerera wa Midima. Mukatembenuza, minda ya tiyi mudzaidutsa kutada, mutatopa, ana ali mtulo.

Galimoto ikhale yanuyanu tsiku limenelo, kaya yobwereka kwa alamu kaya yahayala. Minibasi ndi ma Sienta zilipo zambiri, koma sizingakuimireni kuti mujambule chithunzi. Thirani mafuta odzadza usiku wake mu Blantyre, chifukwa masiku ena mafuta amasowa ndipo simunakwerere ndege kudzaima pamzere ku Luchenza. Tayala lapadera lionereni nokha, mulikhudze ndi dzanja. Chaka china achimwene anatenga galimoto yahayala yonyezimira bwino, tayala linaphulika titangodutsa Thunga, potsegula kumbuyo tinapeza lapaderalo lilibe mpweya ndipo jeke mulibe. Tinakhala maola awiri m'mbali mwa msewu. Laisensi ndi mapepala a galimoto zikhale pafupi, apolisi apamsewu amaima malo angapo. Ndalama tengani zapamanja, zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma khadi lanu la ku banki ya kunja amayi ogulitsa nanazi alibe nalo ntchito. Mitengo imene munaisiya iwalani. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mokha, ndiye musamakalipire anthu ngati akukuberani.

Nyamukani 6 koloko. Pakatha mphindi 20 kapena 30 muli pa Bvumbwe, ndipo mukangochepetsa liwiro mabeseni afika kale pawindo: karoti, zitheba, nsawawa, kabichi, mbatatesi, tomato woumbidwa milu. Pano gulani zodya m'njira zokha, zandiwo mungazifotetse m'galimoto tsiku lonse. Langizo langa ndi lakuti amene Chichewa chake sichinapindike ndiye atsike. Alamu anga anangoti "how much" kamodzi, mulu wa mapeyala unakwera mtengo iwo akuona. Koma musanenerere mpaka kumuliza munthu. Zimene mukulimbiranazo kwanuko sizigula ngakhale botolo la madzi. Ngati muli ndi ana aang'ono amene sangayende m'phiri, pa Bvumbwe pomwepo pali Game Haven, kumene angaone mbidzi ndi akadyansonga, tsiku n'kutha bwinobwino osapitirira.

Mukadutsa Thunga dziko limasintha. Zitunda zonse zobiriwira, zometedwa mofanana ngati mutu wa mwana wasukulu, mitengo italiitali itaima patalipatali. Tiyi ku Mulanje anayamba kumudzala mu 1891 mzungu wina wotchedwa Henry Brown, ndipo kuchokera kumeneko anafalikira mpaka ku Thyolo. Esiteti imene inazolowera kulandira alendo ndi Satemwa, imene Maclean Kay anaiyamba mu 1923. Chikwangwani chake muchiona musanafike pa boma la Thyolo. Kumeneko amakulawitsani tiyi wamitundumitundu, wakuda, wobiriwira, woyera, m'timakapu tondandalika patebulo, ndipo nyumba yakale ya banjalo, Huntingdon House ya mu 1928, amadyetseramo alendo. Imbani foni kusanache tsikulo, osangotulukira.

Apa pali nkhani imene ndimafuna makolo aziwauza ana. Mwana wa achimwene, wa zaka 12, ataona amayi atabereka madengu kumsana akuthyola nsonga za tiyi, anati n'zokongola ngati pa positikhadi. Anganga ake, amene tinawatenga tsiku limenelo, anangoti, "Mwanawe, dengu limenelo ndalibereka ine zaka zambiri. Kukongola kumaoneka ukakhala m'galimoto." Anamuonetsa kathyoledwe kake, masamba awiri ndi kansonga, zala zikuyenda zokha ngakhale anasiya ntchitoyo kalekale. Anamufotokozera za kapitawo ndi sikelo, za mame a m'mawa amene amanyowetsa munthu mpaka m'chiuno, ndi za thangata, pamene makolo athu ankagwira ntchito kwa mzungu kuti aloledwe kukhala pamalo pomwe anali kale kwawo. Mukayang'ana kumene tiyi wathera muona nyumba zothithikana ndi timinda tating'ono tokwera mpaka pamwamba pa zitunda. Nkhani ya malo ku Thyolo ndi ku Mulanje sinathe, ndipo ambiri a inu amene muli ku Joni mukudziwa kuti n'chimodzi mwa zimene zinakuchotsani kuno, monga zinachotsera agogo athu opita ku Theba kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Jambulani zithunzi, palibe choletsa, koma munthu amene ali pantchito mupatseni moni ndi kumupempha musanamuloze ndi foni.

Nthochi za ku Thyolo zimene mumazikumbuka, zodzadza malole kuchokera ku Thekerani ndi ku Molere, musadabwe kuzipeza zochepa. Matenda a chisaka anapululutsa minda, moti nthochi zambiri za m'misika ya m'tauni zinayamba kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Alimi anadzalanso mbewu zatsopano, koma sizinafike pakale.

A Seventh-day amakonda kupatukira ku Makwasa kukaona Malamulo, mishoni ya mu 1902, ndipo ena amafuna kukafika ku Ndata cha ku Goliati, kumene kuli manda a Bingu wa Mutharika ndi yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014. Zonsezo n'zabwino, koma sankhani chimodzi, kapena muzisiyire tsiku lina. Mukaphatikiza zonse phiri mulipeza dzuwa litapendeka.

Mukatsika ku Luchenza n'kuoloka Thuchila mwalowa m'boma la Mulanje, ndipo phiri lili patsogolo panu, likukulirakulira. Mudutsa pa Chonde, pamene a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana mwezi wa October. Mukabwera nthawi imeneyo ana akaone tchopa ndi kulawa kalongonda, koma dziwani kuti tsiku la mwambowo msewu umadzadza. Pa Chitakale khoterani kumanzere, msewu wa ku Phalombe. Makilomita pafupifupi 10 mwafika pa Likhubula.

Apa ndiye pamene pali ulendo weniweni. Galimoto siyani pa ofesi ya zankhalango, lipirani yolowera, lembetsani maina, ndipo tengani gaidi. Ndikudziwa, ena mumati ndinabadwira konkuno, ndinkatola nkhuni m'phiri lomweli. Zimenezo zinali zaka 20 zapitazo ndi mawondo ena. Njira zinasintha, makamaka chichokereni namondwe wa Freddy mu March 2023, amene zipsera zake zikuonekabe m'mapiri a kuno pomwe nthaka ndi miyala zinakokoloka. Akuluakulu amangoti panadutsa Napolo. Safunsa anadya phula. Komanso anyamata amenewa ndi pomwe amadyera. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo pobwera muonjezerepo kenakake. Mukafuna kudziwa mphamvu zawo, bwerani mu July pa mpikisano wa Porters Race: mtunda umene inu mungauyende tsiku lathunthu mukupumira m'mwamba, opambana amaumaliza maola atatu asanakwane.

Kwa banja la ana, kofikira ndi pa Dziwe la Nkhalamba. Ndi ulendo wa ola limodzi kukwera pang'onopang'ono, nkhalamba ndi ana mwina ola ndi theka. Mathithi mumayamba kuwamva musanawaone. Kenako mitengo imatseguka, madzi akugwa pathanthwe kulowa m'dziwe lakuda bii, mozungulira muli miyala ikuluikulu yosalala yoti n'kuyalapo chitenje. Madzi ake ndi ozizira zoluma mafupa ngakhale mu October. Mwana wa achimwene uja, amene ankati kuzizira akukudziwa chifukwa amakhala ku Leeds, anangoviika phazi n'kukuwa mpaka anyani anathawa m'mitengo. Patapita mphindi zisanu anali m'madzi, ndipo potuluka tinachita kumukoka.

Dziwe limeneli lisakupusitseni. Pakati ndi pakuya kwambiri, miyala yonyowa ndi yoterera, ndipo anthu amirapo, ena odziwa kusambira. Ana asewere m'mphepete, wamkulu ali pomwepo. Mowa usiyeni m'galimoto. Nthawi ya mvula, gaidi akati tulukani, tulukani osafunsa chifukwa: mvula ikagwa pamwamba pa phiri, pansi pangakhale dzuwa koma mtsinje umadzadza mwadzidzidzi. Mabotolo ndi mapepala bwererani nazo. Zimandiwawa kuona munthu amene kunja sataya ngakhale kachipepala pansi akusiya zinyalala pa dziwe la kwawo.

Amene muli ndi miyendo yolimba ndipo mulibe ana, mutha kupitirira ndi njira ya Chapaluka mpaka ku Chambe, maola atatu kapena anayi kukwera, n'kutsikira ya Skyline. Zimatheka tsiku limodzi pokhapokha mutayamba m'mamawa, ndiye kuti za Satemwa mwazisiya. Za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, musaziganizire n'komwe pa ulendo wobwerera tsiku lomwelo. Pamafunika masiku awiri kapena atatu, kugona m'tinyumba ta m'phiri monga Chisepo, ndipo alendo ena amene anakakamira kupita okha sanabwerere amoyo. Gaidi wanu mufunseni za mizimu ya m'phirimo, za chakudya chimene munthu amachipeza chitakonzedwa kale ndipo ayenera kudya osaitana mnzake. Ana amamvetsera nkhani zimenezi kuposa chilichonse chimene mungawauze inu, ndipo mu 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro zomwezi.

Pa Likhubula akugulitsani timabokosi ndi ndodo zonunkhira mkungudza. Fungo lake limakumbutsa kumudzi, ndikuvomera. Koma mtengo umenewu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984 ndipo mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Ine ndinasiya kugula. Osema omwewo ali ndi zinthu za mitengo ina, gulani zimenezo.

Za nyengo: a ku Joni ambiri mumabwera mu December. Tiyi amakhala pachimake kubiriwira, mathithi ali odzadza, nanazi ndi mango zili mbwee, koma mvula imakonda kugwa masana, choncho phiri liyambirireni. A ku UK mumabwera July ndi August, nthawi ya chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ikagwira imatha masiku angapo phiri osaoneka n'komwe. Musaike tsiku la ulendo mwezi usanafike. Imbirani munthu wa kuno m'mawa mumufunse ngati nsonga ya Chambe ikuoneka. Juzi tengani, ndi nsapato zoti zide. Achimwene anabwera ndi zoyera zatsopano, dothi lofiira la ku Thyolo linazisandutsa zina mpaka lero.

Malungo musawaderere. Ana obadwira kunja alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo inunso amene mwatha zaka kunja chanu chija chinachepa. Onanani ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke, ndipo wina akatentha thupi, kaya muli kuno kaya mwabwerera kale, akayezetse tsiku lomwelo ndi kunena kuti anali ku Malawi.

Pa Likhubula chokanipo 4 koloko isanakwane. Nanazi gulani pa Chitakale kapena m'mbali mwa msewu, zoti mukadye mu Blantyre; zipatso zaziwisi m'maiko ambiri amalanda pabwalo la ndege, pomwe tiyi wa m'paketi amadutsa bwinobwino. Midima muidutse kukuwala, chifukwa kukada mumadzadza njinga zopanda nyale, makamaka tsiku la msika pa Nkando.

Ngati muli ndi abale m'njiramo, ku Luchenza kaya ku Chisitu, musawauze kuti mudutsa tsiku limenelo. Apatseni tsiku lawolawo, lathunthu, mupite ndi shuga ndi sopo mukakhale pamphasa mpaka madzulo. Ife tinalakwitsa kamodzi, tinati tingopereka moni kwa amalume mphindi khumi. Pamene 2 koloko imakwana, phiri tikulionera pakhonde, nkhuku inali ikuthamangitsidwabe kuseri kwa nkhokwe.