Momwe mungapangire miluza ya nkhosa mu labotale, kuyambira pa kuwerenga mafolikulo

Pamwamba pa thumba la mazira la nkhosa yaikazi pamaoneka timatuza ta madzi, mafolikulo, ndipo kalikonse kamasunga dzira limodzi. Nkhosa zina zimakhala ndi tambiri, zina tochepa. Yokhala ndi tambiri imakupatsani mazira ambiri oyambira nawo, koma kuti mluza utuluke zimadalira momwe mwasamalira mazirawo m'maola oyambirira. Apa ndi pomwe ntchito yambiri imaonongekera.

Matumba a mazira atengeni kophera nyama nkhosa ikangophedwa. Aikeni mu fulasiki ya madzi a mchere wa 0.9 peresenti, othira penicillin ndi streptomycin, otentha madigiri 30 mpaka 35. Afike ku labotale pasanathe maola awiri kapena atatu.

Nkhani ya kutenthayi musaipeputse. Dzira lozizidwa silisintha maonekedwe. Pa maikulosikopu limaoneka bwinobwino, mumalisankha, limatha ngakhale kukhwima, koma timaulusi tam'kati tomwe timagawa makromozomu timakhala tasokonekera. Mudzazindikira patatha sabata, miluza itakana kukula, mutawononga kale mankhwala ndi umuna. Kutentha kopitirira ndi koipanso, chifukwa madzi otentha kwambiri amapha maselo. Tsono yezani madziwo ponyamuka, yezaninso pofika, ndipo lembani zonse. Fulasiki muitenthetse kaye ndi madzi ofunda musanathiremo madzi a mcherewo, apo ayi imayamwa kutentha konse. Musadzazemo matumba mpaka madzi kuchepa. Kutsuka kuchitikenso ndi madzi ofunda chimodzimodzi, katatu, ndipo mbale zonse zikhale pa chotenthetsera cha madigiri 37 mpaka 38. Mazira ambiri amazizidwira pa tebulo la labotale lenilenilo, osati panjira.

Mukatsuka, werengani mafolikulo a thumba lililonse musanabowole. Matumba awiri a nkhosa imodzi asasiyane, kuti mudziwe chiwerengero cha nyama yonse. Ofunika ndi a mamilimita 2 mpaka 6. Ochepera pamenepo dzira lake limakhala lisanakule mokwanira, ndipo aakulu kwambiri kapena a madzi a mbuu ambiri amakhala ayamba kufa. Gawani matumbawo m'magulu, a mafolikulo ambiri paokha, a ochepa paokha, ndipo magulu amenewa asasakanizike mpaka kumapeto. Mukasakaniza simudzadziwa gulu lomwe lakupatsani miluza.

Yamwani madzi a m'timatuzato ndi sirinji ya mamililita 5 ndi singano ya geji 18 mpaka 20. Kokani pang'onopang'ono. Kukoka mwamphamvu kumavula dzira maselo olizungulira otchedwa cumulus, omwe amalidyetsa pokhwima. Matumba akachepa, achekeni ndi kampeni ka opaleshoni m'mbale ya madzi osungira mazira. Mudzapeza mazira ochuluka, kungoti zinyalala zimachulukanso ndipo kufufuza kumatenga nthawi, mazira akuzizidwa.

Sankhani okhala ndi mizere itatu kapena kuposerapo ya cumulus yogwirana, ndipo m'kati mwa dzira mukhale mofanana ponseponse. Amaliseche ndi amawangamawanga atayeni, ngakhale chiwerengero chitsike.

Kwa nkhosa zamoyo, mafolikulo amawerengedwa ndi ultrasound, ndipo mulingo wa homoni ya AMH m'magazi umathandiza kudziwa yomwe ingapereke ambiri. Nkhosayo imabayidwa FSH, homoni yokulitsa mafolikulo, imasala kudya, kenako dokotala wa ziweto amatulutsa mazira ndi laparoscope, chida choonera m'mimba. Imeneyo si ntchito yoyeserera.

Kukhwimitsa mazira: aikeni m'madzi olerera maselo otchedwa TCM-199, othira mahomoni a FSH, LH ndi estradiol, seramu (madzi a m'magazi) 10 peresenti ndi mankhwala a cysteamine, maola 24, madigiri 38.5, mpweya wa carbon dioxide 5 peresenti, mu incubator ya chinyezi. Madontho ake akonzedwe maola angapo mazira asanalowemo. Chenjerani ndi ogulitsa mafuta ovundikirira madonthowa motsika mtengo. Mafuta okhalitsa kapena owombedwa ndi dzuwa amapha miluza mwakachetechete. Seramu nayo imasiyana botolo ndi botolo, choncho yesani pang'ono musanagule yambiri, ndipo FSH yofika itafunda ibwezeni, wogulitsa anene zotani.

Umuna wowumitsidwa ndi kuzizira usungunuleni pa madigiri 37, mupatule wamoyo ndi madzi osefera otchedwa Percoll, a 45 ndi 90 peresenti, kapena kuusiya usambire wokha kupita pamwamba. Thirani maselo a umuna pafupifupi miliyoni imodzi pa mililita, m'madzi olerera miluza otchedwa SOF okhala ndi seramu ya nkhosa yomwe ili pa nyengo yokweredwa. Mazira ndi umunawo zikhale limodzi maola 18 mpaka 24. Umuna ukachuluka, maselo ake angapo amalowa m'dzira limodzi, basi lawonongeka.

Chotsani cumulus, tsukani mazirawo, asamutsireni mu SOF ya ma amino acid ndi BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe), mu incubator ya okosijeni 5 peresenti, carbon dioxide 5, nayitrojeni 90. Onani ogawikana pa maola 48, ndipo musamatsegule incubator pafupipafupi. Ma blastocyst, miluza yofika msinkhu woikidwa mwa nkhosa, amaoneka tsiku la 6 mpaka 8. Awerengeni pa gulu lililonse, pa dzira komanso pa nkhosa, kenako muwaumitse ndi kuzizira kapena muwaike mwa nkhosa zolandira zomwe nyengo yake mwaifananitsa ndi msinkhu wa miluzayo.