Momwe mungakonzere chionetsero cha zithunzi za ojambula angapo

Wojambula amene wangoyamba kumene sangadzaze yekha makoma anayi a gallery, malo oonetsera ndi kugulitsa zithunzi, ndipo eni malo otere amachita mphwayi kupereka chipinda chonse kwa munthu amene ogula sanamumvepo. N'chifukwa chake ambiri amayambira pa chionetsero cha gulu: anthu asanu kapena khumi, aliyense ndi zithunzi zake zochepa, m'chipinda chimodzi. Njirayi si ya lero. Mu April 1874 ku Paris, ojambula pafupifupi 30, kuphatikizapo Claude Monet, Edgar Degas ndi Berthe Morisot, atatopa ndi oweruza a chionetsero chachikulu cha Salon, anapeza malo m'nyumba imene Nadar ankajambuliramo anthu ndi kamera, n'kudzionetsera okha ntchito zawo. Mu 1988 Damien Hirst, adakali pasukulu ya Goldsmiths, anachitanso chimodzimodzi ndi anzake m'nyumba ina yosiyidwa kudoko la London. Onse pamodzi analipo 16, ndipo chionetserocho anachitcha Freeze.

Ngati inu ndi anzanu mukufuna kuyesa, yambirani apa.

Pezani chokugwirizanitsani, ndipo wosankha akhale mmodzi

Kudziwana kapena kuphunzira limodzi si chifukwa chokwanira choti zithunzi zanu zikhale pakhoma limodzi. Pafunika mfundo yoti munthu angainene m'chiganizo chimodzi: nkhope za anthu ali pantchito, usiku wa mumzinda, kapena lamulo loti chithunzi chilichonse chisapitirire masentimita 50. Mutu ngati "Moyo" kapena "Chiyembekezo" usiyeni, chifukwa chilichonse chimalowamo ndipo wodzaona satolapo kanthu.

Mukagwirizana mutu, sankhani curator, munthu mmodzi amene mawu ake ndi omaliza pa zimene zilowe ndi pamene zikhale. Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera. Poopa kukhumudwitsana amati aliyense abweretse zinayi zimene akufuna, mapeto ake chipinda chimakhala ngati kwaya imene aliyense akuimba nyimbo yake. Ine ndimaona kuti ndi bwino wosankhayo asakhale ndi chithunzi chake m'chionetserocho. Akakhala nacho, ngakhale atachita chilungamo chotani, wina adzanenabe kuti anadzisungira khoma labwino. Wojambula aliyense apereke zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, akudziwiratu kuti mwina zilowa ziwiri.

Lembani za ndalama musanakhome msomali

Ma gallery ambiri ochita malonda amatenga 50 peresenti ya mtengo wa chithunzi chimene chagulidwa. Ena amatenga yocheperapo, ena amangobwereketsa chipinda. Zilizonse zimene mwapangana zikhale papepala losainidwa: mndandanda wa zithunzi ndi mitengo yake, amene alipire mayendedwe, amene adzayankhe chithunzi chikang'ambika kapena kubedwa, ndi tsiku limene wojambula adzalandire gawo lake. Funsaninso za kuchotsera. Ogula ozolowera amapempha kuti awatsitsireko, nthawi zambiri 10 peresenti, ndiye dziwiranitu ngati kutsitsako kukugwera gallery yokha kapena nonse.

Chinanso, mtengo wa pakhoma ukhale womwewo umene mungatchule munthu akakupezani kumene mumajambulira. Mukamagulitsa motchipa kumbali, mwini gallery amamva, ndipo sadzakuitananinso.

Zithunzi zifike zitauma

Penti wa acrylic amauma m'mphindi zochepa. Wa oyilo ndi wina: pamwamba amaoneka wouma pakapita masiku angapo, koma mkati amatenga miyezi, moti vanishi womaliza amapakidwa pakatha miyezi 6 kapena kuposerapo. Chithunzi cha oyilo chimene mwamaliza dzulo chisiyeni, chidzalowa ulendo wina. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse lembani dzina lanu, mutu wake, chaka, mtundu wa penti ndi kukula kwake, kuyamba ndi msinkhu kenako m'lifupi. Ngati kumwamba sikukudziwika msanga, ikani kamuvi. Pokulunga, pulasitiki ya timatuza ija isakhudze penti, imasiya timadontho tosachoka. Yambani ndi pepala losalala, ndipo timatuzato tiyang'ane kunja.

Tsiku loyala

Ntchito yeniyeni ili pano, choncho ipatseni masiku awiri, osati masana a tsiku lotsegulira. Musathamangire hamala. Yambani mwatsamiritsa zithunzi zonse kukhoma zili pansi, pamakatoni, kenako tulukani panja n'kulowanso ngati mlendo. Chimene diso lagwerapo poyamba ndicho chimakoka munthu kapena kumubweza, ndiye khoma loyang'anizana ndi khomo lipatseni chithunzi champhamvu kuposa zonse, kaya mwini wake ndi wamng'ono pagulupo.

Kenako sunthani. Chithunzi chofiira kwambiri chikagundizana ndi chotuwa, chotuwacho chimafa. Ziwiri zofuula zikayandikana zimalimbana, ndipo zonse zimaluza. Nthawi zina zithunzi za anthu awiri amene sanaonanepo zimayankhana modabwitsa: wina wajambula mayi atatembenukira kumanja, wina wajambula zenera lotsegula, mukaziika moyandikana zimaoneka ngati mayiyo akusuzumira panja. Zoterezi simungazione pa kompyuta, zimatuluka pamene mukunyamula ndi kubweza. Musaumirire kuti zithunzi za munthu mmodzi zikhale pamodzi. Ndipo chikapezeka chimene chikukana kukhala paliponse, chichotseni. Khoma lopanda kanthu pakati pa zithunzi silinawonongeke, limapumitsa maso.

Pokhoma, lamulo lofala ndi loti pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 kuchokera pansi, ena amafika 150. Chofunika n'chakuti musankhe nambala imodzi chipinda chonse, kuti zazikulu ndi zazing'ono zikhale pamzere umodzi wa maso. Kawerengedwe kake ndi aka. Tinene kuti chithunzi n'chotalika masentimita 80. Theka lake ndi 40, ndiye mukaphatikiza ndi 145 uja, m'mphepete mwake mwa kumwamba mufika pa 185. Kokerani waya wakumbuyo m'mwamba ndi chala mpaka atakungika, muyeze mpata wotsala kukafika m'mphepetemo. Ngati ndi 10, msomali ukhomedwe pa 175. Chithunzi chachikulu chipachikeni pamisomali iwiri kuti chisamapendekeke munthu akachikhudza, ndipo levulo ikhale m'thumba nthawi yonse.

Magetsi abwere pomaliza. Babu iunikire chithunzi kuchokera kumwamba mopendekeka madigiri pafupifupi 30. Ikatsetsereka kwambiri, felemu imagwetsa mthunzi pachithunzi, ikayang'ana molunjika, vanishi amanyezimira n'kuthobwa woonayo m'maso. Zojambula papepala ndi penti wamadzi zimasuluka msanga, moti nyumba zosungira zinthu zakale zimaziunikira ndi kuwala kwa 50 lux kokha (lux ndi muyezo wa kuwala), pamene za oyilo zimapirira mpaka 200. Dzuwa lisamawombe chithunzi chilichonse.

Timapepala, kutsegulira, kutsitsa

Pambali pa chithunzi chilichonse pakhale kapepala kooneka mofanana ndi tinzake: dzina, mutu, chaka, penti, kukula. Mitengo mungaiike pamenepo kapena papepala lapadera pakhomo. Mawu ofotokoza chionetsero asapitirire ndime imodzi, ndipo alembedwe moti munthu amene wangolowa pothawa mvula amve. Maina a ojambula alembeni motsatira alifabeti, mkangano wa amene ayambe kutchulidwa uthere pomwepo.

Jambulani chipinda chonse ndi kamera anthu asanalowe, chifukwa zithunzi zimenezo ndi zomwe mudzasonyeze gallery ina mtsogolo. Madzulo otsegulira, wojambula aliyense aime pafupi ndi ntchito yake, osati kuunjikana pakona ndi anzake. Wina akafunsa kuti chithunzichi chikutanthauza chiyani, muuzeni mmene munachipangira ndi chimene munkayang'ana, zotsalazo amalize yekha. Chithunzi chikagulidwa, matani kasitika kofiira pakapepala kake, koma chikhalebe pakhoma mpaka tsiku lotseka. Pakhomo pakhale buku loti ofuna kudzamva za chionetsero china alembemo maina awo.

Tsiku lotsitsa likhale m'pangano lija, ndipo aliyense abwere kudzatenga zake. Yenderani mndandanda chithunzi ndi chithunzi pamodzi ndi mwini gallery, musainirane zimene zagulidwa ndi zimene zabwerera. Zulani misomali, tsekani mabowo, pakani penti pamene pathimbirira, ndipo makiyi abwezedwe tsiku lomwelo.